Buku lolankhula ndi munthu wakufa

Funso: Akonzi, ndagula buku la Phaswane Mpe lotchedwa Welcome to Our Hillbrow, koma kalembedwe kake kandisokoneza. Kodi ndipitirize kuliwerenga? Wowerenga wa ku Yeoville, Johannesburg.

Yankho: Pitirizani ndithu, achimwene. M'buku loyamba la Mpe limeneli, lomwe lidatuluka mu 2001, wofotokoza nkhani akulankhula ndi Refentše, mnyamata amene adadzipha kale, ndipo nkhaniyo imadumphadumpha pakati pa Hillbrow (dera la mumzinda wa Johannesburg), mudzi wa Tiragalong ndi kumwamba. Mlembiyo adachita dala zimenezi pofuna kuonetsa mmene miseche imaphera anthu, makamaka pamene mlandu wa Edzi ukukankhiridwa kwa obwera otchedwa makwerekwere, dzina lopweteka limene ife Amalawi timalimva m'matekisi. Akatswiri a zolembalemba adaliyamikira kwambiri, moti limaphunzitsidwa m'mayunivesite, ngakhale kuti imfa zachulukamo. Mpe mwini wakeyo adamwalira mu 2004 ali ndi zaka 34.