Galu amamvadi mawu

Achemwali, mwafunsa ngati galu amamva mawu a anthu. Eya, galu wanuyo akhoza kuphunzira mawu, kungoti kuwatchula ndiye sangathe. Chaser, galu wa pulofesa John Pilley ku South Carolina, ku America, ankadziwa mayina a zidole zoposa 1,000.

Muzigwiritsa ntchito liwu limodzimodzi pa chinthu chimodzi, mphotho muzimupatsa pomwepo. Wanga ndinamuzoloweza ndi usipa. Pano ndikangoti "madzi", liwiro kukaima pa mbale yake kuseri kwa khitchini. Nayenso amandiuza zake: akafuna kutuluka amakanda chitseko, kenako n'kundiyang'anitsitsa ngati ndinam'kongola ndalama. Mabatani a pa TikTok aja, amene amatulutsa mawu galu akawaponda, musathamangire kugula, ayambe wazolowera mawu anu.

Koma akasintha khalidwe mwadzidzidzi, kukana chakudya, kutuluka dovu kapena kumangoluma chilichonse, musamugwire. Itanani dokotala wa ziweto msanga, chikhoza kukhala chiwewe.