Ndili ku Joni, ndikufuna nyumba za lendi kumudzi: ndiyambire pati?

Mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg wandilembera kalata. Akuti wasunga kangachepe, ndipo akufuna kumanga nyumba za lendi ku Lilongwe kuti tsiku lobwerera kumudzi adzapeze podalira. Achimwene ake amupezera poloti yotchipa kwa amfumu ena kunja kwa mzinda, ndipo alonjeza kuyang'anira ntchito yomanga komanso kutolera lendi. Funso lake: atumize ndalamazo, kapena ayambe watenga ngongole kubanki kuti amange nyumba yaikulu kamodzin'kamodzi?

Achemwali, maganizo anuwo ndi abwino. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anasunga ndalama ku akaunti anadzuka zitachepa mphamvu, pomwe amene anali ndi nyumba anangokweza lendi. Koma musatumize ndalama sabata ino.

Yambani ndi malowo, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri a kunja amalirira. Poloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu atatu, aliyense ali ndi kalata yodinda chidindo cha amfumu. Ina imakhala ya banja, wogulitsa n'kukhala mwana mmodzi yemwe sanauze abale ake, ndiye mwafika pa lenta, azakhali atulukira ndi samani. Malo a m'mizinda amagawidwa ndi Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, kapena Malawi Housing Corporation, ndipo ambiri amakhala obwereka pa mgwirizano (lizi) wa zaka 99. Ngati wogulitsa akuti ali ndi chikalata cha umwini, tumani loya kapena munthu wodalirika akafufuze ku ofesi ya za malo ngati dzina lili pa chikalatacho ndi lakedi, komanso ngati malowo sanaperekedwe chikole kubanki. Ngati ndi malo a mafumu, lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa njira yolembetsera malo otere, choncho kalata ya amfumu yokha isakukhazikeni mtima pansi. Madobadoba adzakuuzani kuti wina akubwera mawa ndi kashi. Asiyeni agule. Ndipo dzina lolembedwa pa mapepala onse likhale lanu, osati la achimwene, ngakhale mumawakonda chotani.

Mufunsenso za madzi a mvula. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023 sagula malo a m'khwawa kapena m'dambo chifukwa choti atchipa. Poloti mukaione mu January, osati mu September.

Za ngongoleyo, ine ndikuti ayi. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawa amakongoza pamwamba pa pamenepo. Lendi ya nyumba wamba siingathamange liwiro limenelo. Mungamagwire ntchito ku Joni kudyetsa banki, nyumba ili yanu pa dzina pokha.

Mangani pang'onopang'ono, ndipo mangani zimene anthu akufunafuna. Nyumba yaikulu ya mpanda kutali ndi msewu imatha kukhala miyezi yopanda munthu. Koma mdadada wa zitseko zitatu kapena zinayi, chipinda ndi balaza, kufupi ndi siteji ya minibasi ku Area 25, Area 49 kapena Kawale, suchedwa kudzaza, ndipo mmodzi akasamuka enawo akulipirabe. Ku Zomba anthu a kwa Chikanda amadalira ophunzira a ku yunivesite, ku Mzuzu chimodzimodzi ku Luwinga, ngakhale ophunzira akatsekera zipinda zimakhala pululu. Pulani idutse kukhonsolo musanakumbe fandeshoni. Malizani zitseko ziwiri, mulowe anthu, lendi yawoyo ithandize kugula simenti ya zotsalazo.

Chinthu chimodzi chaching'ono chimene chimapulumutsa mtendere wa pa poloti: khomo lililonse likhale ndi mita yakeyake ya ESCOM yogulira mayuniti. Mita imodzi ya mabanja anayi ndi ndewu ya mwezi ndi mwezi, wina ali ndi mbaula ya magetsi, wina babu limodzi. Madzi a Lilongwe Water Board nawonso mugwirizane poyera kagawidwe ka bilu ngati mpope uli umodzi.

Tsopano achimwene. Sindikuwadziwa, ndipo mwina ndi munthu wokhulupirika kwambiri. Koma munthu wogwira ndalama za mnzake mwezi ndi mwezi, iyenso ali ndi ana ofuna fizi ndi maliro ofuna chipepeso, amayesedwa koposa mmene tiyenera kuyesera m'bale. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiwola, ndiye musachiike pa moto wa ndalama. Alendi azilipira mwachindunji ku akaunti yanu ya kubanki, kapena pa Airtel Money kapena Mpamba yomwe mumaiona nokha. Achimwene muziwalipira malipiro odziwika pa ntchito yoyang'anira, osati kuwasiya azidzidulira okha. Pomanga, lipirani gawo ndi gawo, mutaona zithunzi ndi malisiti: fandeshoni, zipupa, denga. Kuteroko si kuwakayikira, ndipo muwauze zimenezi ntchito isanayambe.

Mlendi aliyense asaine pepala, ngakhale akhale wa mpingo wanu: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, dipoziti, notisi ya miyezi ingati, ndi amene akonze chikaonongeka. Musanamupatse kiyi, funsani kumene akuchokera chifukwa chake akusamuka. Akalephera kulipira, musazule chitseko kapena kutaya katundu wake panja. Perekani notisi yolemba, zikakanika pitani kukhoti.

Powerengera phindu, musawerenge miyezi 12. Werengani 10, chifukwa nyumba idzakhalako yopanda munthu, penti idzafunika, chimbudzi chidzadzaza, ndipo khonsolo ndi bungwe lotolera misonkho la MRA ali ndi gawo lawo pa nyumba ndi pa lendi. Ngati masamu akutulukabe bwino pa miyezi 10, pemphani achimwene akutumizireni chithunzi cha mapepala a polotiyo, ndipo mupeze loya awaone musanatumize ngakhale tambala.