Malamulo timawadziwa, nanga chimatikaniza n'chiyani?

Bambo wina wa ku Lizulu, mkulu wa mpingo, watumiza funso ili pa imelo: "Kodi maziko a moyo wa munthu m'Baibulo ndi ati? Nanga bwanji ife Akhristu timawamva Lamulungu lililonse koma osawatsata?"

Bambo, mazikowo ndi ochepa. Genesis 1:27 akuti munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo pa Mateyu 22:37-40 Yesu akumangirira chilamulo chonse pa kukonda Mulungu ndi kukonda mnzako. M'tchalitchi palibe amatsutsa zimenezi. Nkhani imavuta mawuwo akafika kumunda ndi kumsika.

Tiyambe ndi ganyu. Deuteronomo 24:14-15 akulamula kuti wantchito wosauka alandire zake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pamenepo. Mayi wobwera kudzapalira mu Januwale wasiya ana alibe ufa. Mukamuuza kuti "mudzabwere tikakumba mbatatesi," mwamukankhira ku katapila. Chitani monga mwini munda wa pa Mateyu 20, amene anapangana mtengo m'mawa n'kulipira madzulo. Gwirizanani asanagwire khasu, muwerengere limodzi mizere ya ndimeyo, ndipo ngati malipiro ndi chimanga, aone choyezera chake nthawi yomweyo. Ambiri amalakwa poitana aganyu asanu m'thumba muli za awiri. Kuba sanalinge, koma pofika madzulo ayamba kuthawa anthu awoawo, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro obedwawo amafuula.

Za muyeso n'zachidule. Deuteronomo 25:13-14 akuletsa kusunga miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono. Ndowa yogulira kwa mlimi ku Tsangano ikhale yomweyo yogulitsira pamsewu, ndipo mbatatesi zapansi pa thumba zifanane ndi zapamwamba.

Chimene chimatigonjetsa kwambiri ndi Mateyu 18:15-17. Mbale wako akakulakwira, upite kwa iye muli awiriwiri. Akakana, utenge wina mmodzi kapena awiri. Mpingo umabwera pomaliza. Ife timayambira kumapeto: nkhani ya malire a dimba imamveka kumaliro ndi pa gulu la WhatsApp mwiniwake asanauzidwe. Ikafika kwa akulu a mpingo, munthu wachita kale manyazi, ndiye akungoteteza dzina lake basi.

Chotikaniza si umbuli ayi. Choyamba, malamulo amenewa amadya ndalama pamene palibe woyamika. Chopereka chimawerengedwa pamaso pa anthu, koma waganyu wolipidwa bwino sakaimirira kutsogolo kulengeza. Yesu anadzudzula zomwezo pa Mateyu 23:23: chakhumi cha timbewu cholondola, chilungamo ndi chifundo zitasiyidwa. Chachiwiri ndi ulemu wathu womwewu. Kuuza malume kapena apongozi maso ndi maso kuti alakwa kumaoneka ngati mwano, pamene kuwajeda kumadutsa ngati kucheza. Pamenepa mwambo wa unkhoswe ungathandize, chifukwa lemba lomwelo likulola kutenga munthu wina, bola mutayesa kaye nokha.

Inu monga mkulu wa mpingo, munthu akabwera ndi dandaulo, funso loyamba likhale lakuti, "Kodi mwalankhula nawo?" Akati ayi, mupangane tsiku lomwe akawaone, ndipo nkhaniyo isalembedwe m'buku la msonkhano wa akulu mpaka atabwerako.