Zowonjezera kontrakiti yokonza misewu

Mwafunsa ngati khonsolo ingawonjezere nthawi ya kontrakiti ya wokonza misewu popanda kupikisanitsanso makontrakitala. Eya achimwene, nthawi zambiri khonsolo imatha kuwonjezera kontrakiti ya wokonza misewu osaitanitsanso tenda (mpikisano wa makontrakitala ofuna ntchitoyo), bola mgwirizano woyamba uja ukhale kuti unalola zimenezo, komanso zivomerezedwe pa msonkhano zilembedwe m'maminitsi. Kapempheni maminitsiwo muwerenge nokha.

Zomwe ndaonapo ine nzoti amathamangira kuwonjezera chifukwa tenda yatsopano imadya miyezi, mvula nkuyamba maenje ali pompo. Koma kontrakitala akangodziwa kuti palibe wopikisana naye amayamba kutayilira, kumangothira dothi m'maenje m'malo mwa phula, ngalande osatapa, mvula imodzi basi zonse zakokoloka.

Ngati mtengo wakwera mosadziwika bwino kapena mukukayikira zachinyengo, musangolalata pa Facebook, kaonaneni ndi loya wodziwa malamulo a tenda.