Panna cotta ya sitiroberi ikakana kulimba, vinyo nkuwawasa

Mayi wina wa ku Blantyre wandilembera kalata pa imelo. Akuti anakonzera alendo panna cotta ya sitiroberi (chakudya chotsekemera cha kirimu wolimbitsidwa mufuriji) koma inangokhala madzi, ndipo vinyo wodula amene anagula anamveka wowawasa. Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa anthu ambiri amataya kirimu wodula pa zolakwika zing'onozing'ono ziwiri kapena zitatu.

Ndiyambe ndi vinyoyo, pakuti ndi pamene ndimakangana ndi anthu kwambiri. Vinyo ayenera kutsekemera kuposa chimene mukudya. Shuga wa mu kirimu akafika pa lilime, vinyo wosatsekemera amatsala ndi kuwawasa kokha, ngakhale akhale wa mtengo wotani. Amene amati Champagne ya brut (yosatsekemera) ndi sitiroberi wa shuga n'zoyenderana akunamizani. Panna cotta inachokera ku Piemonte ku Italy, ndipo komweko kumachokeranso vinyo wa Moscato d'Asti ndi Brachetto d'Acqui. Onsewa ndi otsekemera, a thovu pang'ono, mphamvu yake ya mowa ili pafupifupi 5 kapena 6 peresenti basi. Brachetto ndi wofiira ndipo amanunkhira ngati sitiroberi yemweyo, choncho ine ndimasankha ameneyu. Kuno sapezeka wamba. Ngati mwamusowa, tengani Muscadel wofiira wa ku South Africa, wa ku Robertson kapena Montagu, koma dziwani kuti uyu ndi woonjezeredwa mphamvu, amafika 15 peresenti kapena kupitirira. Thirani theka la tambula yaing'ono. Onsewa aziziritseni kufika madigiri 6 mpaka 8.

Sitiroberi nayenso amalakwiridwa. Akangothyoledwa sapsanso, ndiye mukagula kwa ogulitsa a m'njira yokwera phiri la Zomba, yang'anani ofiira mpaka ku kasote (timasamba ta pamwamba), osati oyera pamwamba. Musatsuke mukangofika kunyumba. Chinyezi chimabweretsa nkhungu. Tsukani pa nthawi yodya, kasote akadalipo, kuti madzi asalowe m'kati.

Ndipo chonde, musasakanize papaya kapena chinanazi chachiwisi mu kirimu wa jeletini (ufa umene umalimbitsa panna cotta) poganiza kuti muonjezere kukoma. Zipatso ziwirizi zili ndi michere imene imaphwanya jeletini, ndipo simudzalimba kanthu ngakhale mudikire mpaka mawa. Sitiroberi alibe vuto limeneli. Kwa abale athu Achisilamu: jeletini wambiri amapangidwa kuchokera ku nkhumba, choncho werengani pa paketi, funani wa ng'ombe wolembedwa halaal.

Kakonzedwe kake

Za anthu anayi: kirimu mamililita 400, mkaka mamililita 100, shuga magalamu 60, jeletini wa ufa magalamu 7 (masupuni aang'ono awiri ndi kachidutswa), ndi vanila pang'ono. Wazani jeletini m'madzi ozizira masupuni aakulu atatu, musiyeni mphindi 10 afufume. Tenthetsani kirimu, mkaka ndi shuga pa moto wochepa mpaka nthunzi iyambe, phulani, kenako thirani jeletini n'kutakasa mpaka osaona njere. Osawiritsa, kuwira kumafooketsa jeletini. Apa ndiye ambiri amafulumira: dikirani zizizire, muzitakasa apo ndi apo, musanathire m'makapu. Mukathira zikadali zotentha, mafuta amakwera pamwamba n'kugawikana magawo awiri. Mufuriji zikhale maola 6, kapena usiku wonse.

Mayi, ndikuganiza kuti vuto lanu linali kutentha kwa Okutobala ndi kuzimazima kwa magetsi. Jeletini amasungunuka kutentha kukamayandikira madigiri 35, ndiye furiji imene yakhala maola angapo yozima singathandize. Ikani mabotolo a madzi oundana m'furijimo, musamatsegule chitseko pafupipafupi, ndipo musavutike kukhuthulira panna cotta m'mbale. Perekani ili m'makapu momwemo. Nyengo yotentha chonchi mukhoza kukweza jeletini kufika magalamu 9, koma mukapitirira apo imakhala ngati labala.

Sitiroberi magalamu 400 duleni panayi, sakanizani ndi shuga masupuni aakulu awiri ndi madzi a ndimu supuni yaing'ono imodzi, mudikire mphindi 30 kuti atulutse madzi ake ofiira. Musawasiye usiku, amafewa n'kuda. Akhale kunja kwa furiji, chifukwa kuzizira kwambiri kumapha fungo lake, ndipo muwaike pamwamba pa kirimu alendo atakhala kale patebulo. Mukathira Muscadel pa sitiroberiyo, chepetsani shuga wake kukhala supuni yaikulu imodzi.