Yureniyamu wa ku Kayelekera uja, bwanji sitikuwunikira?

Achimwene ena a ku Luwinga anditumizira imelo sabata yatha, akuti bambo awo aang'ono anagwirapo ntchito ku mgodi wa Kayelekera ku Karonga, ndiye akufunsa kuti mphamvu ya nyukiliya imachokera pati kwenikweni, fission ndi fusion zimasiyana bwanji, komanso bwanji sitingotenga mwala wathu womwewu nkupangira magetsi konkuno. Achimwene funso lanuli landigwira mtima, ndakhala nalo masiku atatu.

Nkhuni zikamayaka, kaya malasha a ku Mchenga, chomwe chimasintha ndi kunja kwa ma atomu basi, phata la pakati lija silikhudzidwa olo pang'ono. Fission ndiye imalowa mkati mwenimwenimo. Nyutironi imodzi, kachidutswa kakang'ono kopezeka m'phata la atomu, ikagunda phata la mtundu wa yureniyamu wotchedwa yureniyamu-235 limang'ambika pawiri, mwina nkusanduka barium ndi krypton, nkulavulanso ma nyutironi awiri kapena atatu. Tsono mukati muyeze zidutswa zonsezo mupeza kuti sikelo yaperewera pang'ono poyerekeza ndi poyamba, ndipo kachoperewera kameneko ndi kamene kasanduka mphamvu, E=mc² ya Einstein ija. C ameneyo ndi liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndiye mumuchulukitse ndi iye mwini, nchifukwa chake kanthu kosaoneka nkomwe kamatulutsa kutentha koopsa. Otto Hahn ndi Fritz Strassmann anaziona ku Berlin mu 1938 koma amene anamasulira zomwe zachitika ndi Lise Meitner ndi Otto Frisch, ndipo zimandipweteka ndithu kuti mayi Meitner sanapatsidwe nawo mphoto ya Nobel.

Ma nyutironi olavulidwa aja amakagunda anzawo, anzawonso anzawo, ngati moto wa tchire mu Okutobala. Ntchito yonse ya reactor ndi kuweta moto umenewu kuti pa kung'ambika kulikonse, nyutironi imodzi yokha ndi imene ikang'ambe phata lina. Enrico Fermi anakwanitsa koyamba ku Chicago mu 1942. Kupatula apo reactor ndi ketulo yaikulu basi, yureniyamu amamuumba timibulu ngati kansonga ka chala, kamodzi kamafanana ndi pafupifupi tani ya malasha, timatenthetsa madzi, nthunzi nkuzunguza turbine ngati mmene madzi a Wovwe amazunguzira makina. Madzi omwewo amachedwetsanso ma nyutironi chifukwa othamanga kwambiri sachedwa kuphonya. Moto ukakula amalowetsa ndodo za boron kapena cadmium zomeza ma nyutironi, monga mayi amasololera chikuni nsima ikafuna kupserera.

Koma mukudziwa kuti mukasolola chikuni makala amatsala akutenthabe. Ku Fukushima ku Japan mu 2011 ma reactor anazima bwinobwino chivomerezi chitachitika, kenako tsunami inamiza majenereta, mapampu amadzi nkuima, kutentha kotsala kuja nkusungunula timibulu ta yureniyamu tija. Ine apa mpamene ndimaopa kwambiri, osati nkhani ya bomba.

Tsono za mwala wathu. Kayelekera anatsegula mu 2009 nkuima mu 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa, ndipo chomwe mgodi umatulutsa ndi ufa umene amati yellowcake. Mu yureniyamu wokumba, wa 235 wong'ambika mosavuta uja ndi 0.7 peresenti yokha, wotsalayo pafupifupi yense ndi 238. Ma reactor ambiri amafuna 3 mpaka 5 peresenti, ndiye ufawo amayamba ausandutsa mpweya nkuupeta mmakina ozungulira mothamanga kwambiri, ndipo mafakitale oterewa ali mmayiko owerengeka. Bomba limafuna cha mma 90 peresenti, ndiye reactor yamagetsi singaphulike ngati la ku Hiroshima ayi. Vuto lina ndi kukula kwake. Siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya Koeberg kufupi ndi Cape Town, yomwe inayamba mu 1984, imatulutsa ma megawati opitirira 1,800, kuposa kangapo Nkula, Tedzani ndi Kapichira kuphatikiza pamodzi, chinthu chotere chitangozima mwadzidzidzi pa mawaya athu dziko lonse lingade bii. Maganizo anga, tiyambe taphunzitsa ana athu physics mokwanira, pa Mzuni pompa, kuti pokambirana za mgodiwu tizikhala ndi anthu athu odziwa zomwe zikutuluka mdziko.

Fusion njosemphana, mmalo mong'amba cholemera mumaphatikiza zopepuka, hydrogen nkukhala helium, sikelo nkupereweranso chimodzimodzi. Ndi mmene limayakira dzuwa lomwe timalisowa kuno mu Juni, pakati pake pamatentha madigiri 15 miliyoni. Pansi pano pamafunika kupitirira 100 miliyoni poti tilibe kulemera kwa dzuwa kofinyira maphatawo, paja amakankhana safuna kuyandikana. Mu Disembala 2022 ku National Ignition Facility ku California anathira ma megajoule 2.05 a laser nkutulutsa 3.15, koma magetsi oyatsira ma laser aja anali ochuluka kutalitali kuposa pamenepo. Ku France akumangabe ITER, makina aakulu oyesera fusion, ndipo palibe nyumba olo imodzi yomwe ikuwunikira magetsi a fusion panopa, pokhapokha muwerengere sola ili padenga lanuyo achimwene.