Ndelema kapena bowa wa pa kapinga: kumene muyenera kuyang'ana

Mayi, mwafunsa ngati bowa woyera amene wamera pa kapinga kunyumba kwanu ku Katoto ndi ndelema, popeza akufanana ndi amene munagula sabata yatha m'mbali mwa msewu wa ku Chikangawa. Musamudye, ndipo chifukwa choyamba ndi malo amene wamera. Ndelema, amene akatswiri amamutcha Amanita loosii, amamera m'nkhalango zachilengedwe, chifukwa timizu take ta pansi timalukana ndi mizu ya mitengo ngati mombo ndipo amadyera pamenepo. N'chifukwa chake palibe amene amalima ndelema m'nyumba monga alimira bowa wa oyisitara, ndipo pa kapinga wotchetcha, pamene palibe mitengo yoteroyo, sangapezekepo.

Pa chithunzi chimene mwatumiza mwajambula chipewa chokha cha bowayo kuchokera pamwamba, pomwe zosiyanitsa zenizeni zili kunsi kwa chipewacho ndi m'dothi. Tengani mpeni, mukumbe bowa mmodzi wathunthu, osazula ndi manja, chifukwa mukazula tsinde limadukira m'nthaka n'kusiya umboni momwemo. Ndelema amatuluka m'kathumba koyera kofanana ndi dzira, ndipo akakula kathumbako kamatsalira pansi pa tsinde ngati chigoba chong'ambika. Chipewa chake n'chosalala, chimanata kukagwa mvula, pakati pake n'poderako, ndipo m'mphepete mwake muli timizere. Wanuyo ali ndi timamba tofiirira tomwazika pa chipewa, ndipo ndikuganiza kuti mukakumba mupeza tsinde lotupa pang'ono kunsi koma lopanda kathumba. Zimenezi zikuloza ku Chlorophyllum molybdites, bowa wokonda kapinga amene nthawi zambiri amamera mozungulira ngati anthu ali pa bwalo, ndipo amasanzitsa ndi kutsekula m'mimba koopsa pakangotha ola limodzi mpaka atatu munthu atamudya.

Pamene pamavuta ndi pakuti Chlorophyllum ali m'banja limodzi ndi magulu ena awiri a bowa otchedwa Macrolepiota ndi Agaricus, ndipo onse atatu ali ndi mphete pa tsinde koma alibe kathumba. Chowasiyanitsa bwino ndi mtundu wa ufa umene umagwa kuchokera ku timapeyala topyapyala ta kunsi kwa chipewa, umene ndi njere zake. Dulani tsinde, muvundikire chipewa pa pepala, theka pa loyera theka pa lakuda, muphimbe ndi mbale, musiye usiku wonse. M'mawa mukanyamula chipewacho mupeza ufa utajambula timizere tonse ngati masipoko a njinga. Ukakhala wobiriwira motuwa, ndi Chlorophyllum molybdites. Ukakhala woyera, mwina ndi Macrolepiota. Ukakhala wa mtundu wa chokoleti, ndi Agaricus, amenenso kunsi kwake kumayamba kwa pinki kenako n'kuda akamakula. Musadalire maso okha pa bowa wanthete, chifukwa Chlorophyllum akadali wamng'ono kunsi kwake kumakhala koyera mbee, ndipo kubiriwira kumabwera mochedwa. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika.

Kathumba nakonso sikatsimikiza kuti mwapeza ndelema. Bowa wina wotchedwa Volvariella ali nako kathumba, koma alibe mphete ndipo ufa wake ndi wa pinki. Choopsa kwambiri n'chakuti m'gulu lomweli la Amanita muli ndelema wokoma uja komanso Amanita phalloides, bowa amene wapha anthu ambiri padziko lonse kuposa wina aliyense, ndipo onse awiri ali ndi kathumba, mphete, kunsi koyera ndi ufa woyera. Choncho pa Amanita kudziwa gulu lokha sikukwanira, pamafunika munthu wodziwa mtundu weniweniwo ndi nkhalango imene anautola. Ine pogula ndimakonda ndelema amene tsinde lake silinadulidwe, ngakhale kuti ogulitsa ambiri amadula kunsi pochotsa dothi kuti mulu uoneke bwino, ndipo ndimafunsa ngati anatola m'tchire lachilengedwe kapena m'munda wa paini. Mitengo ya paini inachokera kunja, ndipo imayenda ndi bowa wakewake amene makolo athu sanamudziwe, choncho nzeru za m'tchire la mombo sizigwira ntchito m'menemo.

Magulu ena ndi osavuta. Bowa wa pa chulu, Termitomyces, amalimidwa ndi chiswe pansi pa nthaka, ndiye tsinde lake limapitirira ngati muzu wautali kutsikira kumene kuli chiswecho, ndipo ambiri ali ndi kansonga kolimba pakati pa chipewa kamene amaboolera dothi. Russula ndi Lactarius ndi pachibale kwambiri, ndipo onse mukathyola tsinde limaduka ngati choko, osati kunyenyeka ulusiulusi. Koma Lactarius, pamodzi ndi mnzake Lactifluus, mukamukanda kunsi ndi chikhadabo amatulutsa madzi onga mkaka, pomwe Russula satulutsa kanthu.

Munthu wina wayankha funso lanuli ponena kuti bowa amene wadyedwa ndi tizilombo kapena nkhono ndi wabwino, ndiponso kuti kuwiritsa n'kutaya madzi kumachotsa poizoni. Pepani achimwene, zonse ziwiri si zoona. Nkhono zimadya bowa wakupha popanda vuto, ndipo poizoni wa Amanita phalloides satha ndi moto kapena ndi kuyanika padzuwa. Kuipa kwake n'kwakuti munthu amakhala bwinobwino kwa maola 6 mpaka 24 asanayambe kusanza, kenako amaoneka ngati wachira, pamene chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Ngati pali wina pakhomo panu amene walawako kale bowa wa pa kapingayo, makamaka mwana, mupite naye ku Mzuzu Central Hospital kapena ku chipatala chapafupi lero lomwe osadikira zizindikiro, ndipo mutenge bowa wotsala wathunthu, wokulunga m'pepala osati m'jumbo, chifukwa m'pulasitiki amawola msanga. Mukakumba, mutitumizire zithunzi zina zitatu: kunsi kwa chipewa, tsinde lonse mpaka pansi pake, ndi pepala la ufa lija.